Makapu Atatu a Masitiroberi

Kunyumba onse ankamutchula Kachangu. Mtsikanayu sankadziwa kuyenda. Ankangothamanga basi.

Tsiku limenelo Kachangu ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti amayi adye.

Amayi anali atadwala sabata yathunthu. Phala anakana. Tiyi anakana. Koma m'mawa anati akulakalaka buledi wopaka jamu. Jamu wa masitiroberi, wophika pakhomo.

Bambo anabwera ndi mbale imodzi ya masitiroberi. Imodzi yokha. Jamu akalakwika, ena panalibe.

Kachangu anatenga kapepala ka amayi m'kabati. Anawerenga mokweza. Masitiroberi, theka la kilo. Shuga, makapu awiri. Ndimu imodzi.

Koma sikelo ya kukhitchini inali itafa kalekale.

Bambo sanadandaule. Anati amayi amayeza makapu atatu, ndipo iwo anawaonapo. Anadzaza kapu ndi masitiroberi athunthu. Kamodzi. Kawiri. Katatu.

"Diso langa ndi sikelo," anatero bambo.

Diso limenelo Kachangu ankalidziwa bwino. Ndi lomwe linamugulira nsapato zomuvuka m'njira.

Kachangu anasuzumira m'kapu. Anaona mipata. Mpata apa, mpata apo. Anapisa chala, chala n'kulowa chonse.

"Bambo, mipatayi sitidya," anatero Kachangu.

Zipatso zikachepa, jamu adzangokhala shuga yekhayekha. Amayi adzakananso. Zimenezi zinamuwawa mtima Kachangu.

Paja safunsa anadya phula. Kachangu ananyamula mbale ndi kapu. Anathamangira kugolosale ya pakona. Bambo anatsatira m'mbuyo, ali wefuwefu.

Mayi a pagolosale anali ndi sikelo yabwino. Kachangu anawapatsa moni. Anapempha kuti amuyezere makapu atatu aja.

Sikelo inaonetsa magalamu 430. Theka la kilo ndi magalamu 500. Sanakwane.

Bambo anakanda m'mutu. Anati mwina sikeloyo yatopa. Mayi a pagolosale anangoseka.

Kachangu anaganiza pang'ono. Kenako anapempha kuti masitiroberi adulidwe. Mayi aja anatsuka mpeni. Anadula, anadula, anadula.

Kachangu anathira zidutswa m'kapu. Zidutswa zinakhala mothithikana. Mipata inatha. Kapu yoyamba inadzaza. Yachiwiri inadzaza. Yachitatu inangofika pakati.

Mayi aja anadula ena otsala m'mbale. Kapu yachitatu inadzaza. Sikelo inaonetsa magalamu 500.

"Ndinadziwa," anatero Kachangu. "Makapu atatu, koma odula."

Kunyumba bambo anaika poto pamoto. Kachangu anathira shuga. Anafinyira ndimu. Bambo anatakasa, anatakasa. Jamu anabwata. Jamu analimba. Nyumba yonse inanunkhira.

Jamu akuzizira, Kachangu anatenga pensulo. Analemba pakapepala paja: "Theka la kilo ndi makapu atatu odula."

Kenako anapaka jamu pabuledi. Anapita naye kuchipinda. Ulendo uno anayenda pang'onopang'ono.

Amayi ananunkhiza. Analuma pang'ono. Analumanso. Bambo anaima pakhomo.

Amayi anafunsa amene anayeza. Bambo analoza diso lawo. Kenako anachita manyazi, n'kuloza Kachangu.

Amayi anaseka. Sabata yonse anali asanaseke. Buledi anatha, ndipo amayi anatambasula dzanja.

"Pakanso wina, mwanangu."

Kachangu anasangalala kwambiri. Anathamangira kukhitchini.