Mzime ndi Dzino Lakuda la Shaki

Kunyumba onse amamutchula Mzime, poti ndiye womaliza kubadwa. Mzime anali ndi vuto. Dzino lake lakutsogolo linkagwedera. Gwede, gwede, gwede.

Tsiku lina bambo ake anabwera kuchokera kokumba miyala. Anatulutsa kanthu m'thumba. Kanali kakuda. Kanali kosongoka. Kanali kolimba ngati mwala.

"Akuti ndi dzino la shaki," anatero bambo. "Shaki ndi chinsomba cha m'nyanja yamchere."

Achimwene ake a Mzime pakamwa sipapuma ayi.

"Waona?" anatero. "Shaki ameneyu sankatsuka mano. Anada, kenako anagwa onse. Akonso ayambapo."

Mzime anachita mantha. Anatenga mswachi wakale. Anatsuka dzino la shaki. Anatsuka, anatsuka, mpaka mkono unatopa. Dzino silinayere. Mwana wa anthu, misozi inalengeza m'maso.

"Usalire," anatero bambo. "Tiye tikafunse azakhali ako."

Azakhali ankagwira ntchito kunyumba yosungira zinthu zakale. Kumeneko, pakhoma, panali nsagwada za shaki wa masiku ano. Zinali yasa! Mano ake anali oyera.

"Tayerekeza dzino lakudalo ndi awa," anatero azakhali.

Mzime anayerekeza ndi mano apansi. Apansi anali owonda. Sanafanane. Anayerekeza ndi am'mwamba. Am'mwamba anali otambalala. M'mbali mwake munali ngati macheka. Dzino lakuda nalonso linali ndi timacheka.

"Afanana," anatero Mzime. "Koma azakhali, bwanji ili ndi lakuda?"

"Si litsiro, mwanawe. Kalekale, komwe bambo ako amakumbako kunali nyanja. Dzinoli linakwiririka pansi. Linakhala zaka zambirimbiri. Linasanduka mwala. Kudaku linatengera nthaka."

"Nanga linagwa chifukwa chiyani?"

Azakhali anamunyamula. "Tasuzumira m'katimu."

Mzime anasuzumira. Kumbuyo kwa mano kunali mano ena. Kumbuyo kwa amenewo kunalinso ena. Anali pamzere, kudikira.

"Limodzi likagwa, lina limalowa m'malo," anatero azakhali.

"Koma ine ndilibe ena kumbuyo."

"Uli nawo. Ako abisala m'nkhama. Kungoti iwe si shaki. Atsopanowo akadzagwa, sadzabweranso ena. Uziwatsuka."

Mtima wa Mzime unakhala m'malo.

Patapita masiku, dzino lake linagwa. Linali laling'ono. Linali loyera mbee. Mzime sanalire. Anakhudza pagwerupo ndi lilime. Panali kanthu kolimba. Dzino latsopano linali litayamba kusuzumira.

Anathamangira kwa achimwene ake.

"Achimwene, tagwirani apa."

Achimwene anapereka chala, osaganiza n'komwe. Mzime anachiluma pang'ono.

"Mayo! Bambo, m'nyumba muno mwalowa shaki!"

Bambo anaseka. Mayi anaseka. Mzime anaseka kuposa onse, gweru lili poyera.