Aphunzitsi, Bwerani Muone!

Tisauke anali mwana wa Sabu A, kalasi yoyamba kusukulu. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Nkomeshya. Chinali chaka cha 1956.

Tisauke ankafuna sileti. Sileti yakuda. Sileti yosalala. Ankaifuna kwambiri.

Sukulu inali itangotsegulidwa kumene. Ana a Sabu A ankaphunzirira pansi pa mkuyu. Ana a Sabu B ankaphunzirira m'kalasi yofolera udzu. Koma mphunzitsi anali mmodzi yekha. Anali a Njobvu, ochokera ku Chalimbana.

A Njobvu sankakhala pansi. Ankathamangira kumkuyu. Ankathamangira kukalasi. Ankathamangiranso kumkuyu.

Lolemba m'mawa, a Njobvu anabwera ndi bokosi. M'bokosimo munali masileti khumi ndi awiri. Koma ana analipo makumi anayi.

"Masileti ni ochepa," anatero a Njobvu. "Lembani maina anu pamchenga. Wolemba bwino alandira sileti."

Ana anakhala pamzere. Tisauke anali chakumapeto. Anasalaza mchenga ndi dzanja. Anayamba kulemba ndi chala.

Pafupi naye panali mnzake Ida. Ida analemba zilembo zitatu. Basi, wamaliza!

Tisauke anali akadali pa S. Dzina lake linali lalitali. T, i, s, a, u, k, e. Zilembo zisanu ndi ziwiri!

Analemba. Analemba. Anamaliza.

"Aphunzitsi, bwerani muone!" anaitana Tisauke.

"Yembekeza, nibwera," anayankha a Njobvu.

Pomwepo mnyamata wina, Bornwell, anayamba kulira. Ana anali ndi njere za chimanga zowerengera. Bornwell anali atalowetsa njere imodzi m'mphuno.

"Iwe Bornwell! Mphuno ni nkhokwe?" anafuula a Njobvu.

Anamutseka mphuno inayo. "Mina!" Bornwell anamina. Njere inatuluka, thu! Chimanga chake chonse chinamwazika.

Nkhuku inachiona. Inabwera ndi anapiye ake. Inajompha apa. Inapalasa apo. Inapalasa padzina la Tisauke.

"Choka! Choka iwe!" anakuwa Tisauke.

Nkhuku inachoka. Dzina nalonso linachoka. Panatsala T yekha.

Tisauke anatsonya. Anasalazanso mchenga. T, i, s, a, u, k, e.

A Njobvu anali atayamba kuyenda pamzere. Ankaona maina. Ankagawa masileti. M'bokosi munatsala asanu ndi awiri.

"Aphunzitsi, bwerani muone!"

"Yembekeza, nibwera."

"Odi, aphunzitsi!"

Anali mai wina wa m'mudzi. Anagwira kamwana padzanja.

"Nabweretsa mwana," anatero maiyo. "Mumulembe sukulu."

A Njobvu anayang'ana kamwanako. Anapukusa mutu.

"Pititsa dzanja pamwamba pa mutu," anatero. "Gwira khutu la uko."

Kamwana kanayesa. Dzanja silinafike. Kanayesanso. Silinafike.

"Amai, uyu akali wamng'ono. Abwere chaka chamawa."

"Ni wamkulu uyu! Ni manja chabe afupi!"

"Amai, chaka chamawa."

"Atate ake naonso ali na manja afupi!"

Analankhula. Analankhulanso. Tisauke anayembekeza. Anayembekeza.

Kenaka kunabwera kamvuluvulu. Kanazungulira pabwalo. Kananyamula masamba. Kananyamula fumbi. Kanadutsa padzina la Tisauke.

Tisauke anatikita m'maso. Anayang'ana pansi. Panalibe ngakhale T.

"Aa! Koma lero!" anatero Tisauke.

Anasalazanso mchenga. Chala chinali chitayamba kuwawa. T, i, s, a, u, k, e.

Tsopano anagwada. Anatchinga dzina ndi manja onse awiri. Nkhuku isafike. Mphepo isafike.

M'bokosi munatsala masileti atatu. A Njobvu anali pafupi. Anafika pa Ida.

"Walemba bwino, Ida. Landira."

Anatsala awiri.

"Aphunzitsi, ine! Bwerani muone!"

"Yembe..."

"Mavu! Mavu! Aphunzitsi, mavu!"

Anali ana a Sabu B. Chisa cha mavu chinali chitagwa kudenga. Ana onse anatuluka m'kalasi, liwiro! Anathamangira kumkuyu. Mapazi, mapazi, mapazi! Tisauke anadumphira pambali.

Fumbi linatsika. Padzina panali mapazi okhaokha.

A Njobvu anagwira mutu.

"Ana inu!" anatero. "Nili na miyendo iwiri chabe! Nili na maso awiri chabe!"

Anatenga muuni wa udzu. Anapita kukathamangitsa mavu.

Tisauke anakhala pamuzu wa mkuyu. Anatupa masaya. Misozi inali pafupi.

"Lembanso," anatero Ida.

"Sinilembanso! Nalemba katatu! Iwe dzina lako ni lalifupi!"

Tisauke anatola kamtengo. Anali wokwiya. Anadzikanda nako pamwendo. Khungu lake linali lotuwa ndi fumbi. Pamwendopo panaoneka mzere woyera.

Tisauke anasiya kukwiya. Anayang'anitsitsa mzerewo. Anakandanso. Panaoneka mzere wina.

Anatambasula mkono wamanzere. Anayambira pachigongono. T, i, s, a, u, k, e. Zilembo zonse zinakwana. E anathera padzanja.

A Njobvu anabwerera. Thukuta linali kamukamu. Ali m'njira anaona dzina la mwana wina. Anamupatsa sileti. M'bokosi munatsala imodzi.

Tisauke sanaitane. Anaimirira. Anathamanga. Anaima patsogolo pawo penipeni. Anakweza mkono.

"Aphunzitsi, onani!"

"Yembekeza, nib..."

A Njobvu anaima. Anayang'ana mkono. Anayang'ana Tisauke.

"Ichi n'chiyani?"

"Ni dzina langa. Nkhuku inafafaniza. Mphepo inafafaniza. A Sabu B anaponda. Inu simubwera. Ndiye nalibweretsa."

A Njobvu anafuna kukalipa. Koma anaseka. Anaseka mpaka anakhala pabokosi. Kanali koyamba kukhala pansi tsikulo.

Anagwira mkonowo. Anawerenga pang'onopang'ono.

"T ali bwino. I ali bwino. Koma S uyu wayang'ana kumbuyo."

Tisauke anayang'anitsitsa S uja.

"Kumbuyo?"

"Inde. Ona." A Njobvu analemba S pansi ndi chala. "Ayenera kuyang'ana uku."

Tisauke anayang'ana mkono wake. Unali wodzaza. Panalibe malo.

"Aphunzitsi, musachoke," anatero. "Nili na mwendo."

Anakhala pansi. Anatambasula mwendo. Analuma lilime. Analemba mosamala. T, i, s, a, u, k, e.

Wina anaitana kukalasi. "Aphunzitsi!"

"Yembekeza!" anayankha a Njobvu. Ulendo uno sananyamuke. Anadikira mpaka Tisauke anafika pa e.

"Tsopano walemba bwino," anatero. "Landira."

Tisauke analandira sileti ndi manja awiri. Inali yozizira. Inali yosalala. Anaigunditsa patsaya.

Ana ena anaona. Onse anatola timitengo. Onse analemba pamikono. Onse anathamangira kwa aphunzitsi.

"Onani langa! Onani langa!"

"Mayo ine!" anatero a Njobvu. "Pamzere! Mmodzimmodzi! Masileti atha! Mudzabwerekana!"

Belu linalira masana. Masileti onse anabwerera m'bokosi. Sileti sinkapita kunyumba.

Tisauke anathamangira kumudzi. Amai ake, a Olipa, ankasenda mtedza pakhonde.

"Iwe, watuwa bwanji! Kasambe."

"Iyayi, amai. Yambani mwaona."

Anawaonetsa mwendo.

"Wakandika na minga?" anafunsa amai.

"Si minga. Ni dzina langa. Nalandira nalo sileti."

Amai anaika mtedza pansi. Iwo sanapiteko kusukulu. Anayendetsa chala pazilembo, chimodzichimodzi.

"Zonsezi ni iwe?"

"Inde. Ni lalitali. Munanipatsa dzina lovuta, amai."

Amai anaseka. Kenaka anapukuta mkono wawo pachitenje. Anautambasula.

"Lemba langa."

Tisauke anatola kamtengo. Anaganiza. O, li, pa.

"Muli i. Mulinso a," anatero. "Awa niwadziwa. Enawo sitinaphunzire."

Analemba i. Anasiya mpata. Analemba a.

"Enawo nikafunsa aphunzitsi mawa."

"Adzakhala na nthawi?" anafunsa amai.

"Sadzakhala nayo," anatero Tisauke. "Koma nidzawatsatira."

Amai anagwira mkono wawo mosamala. Tsiku limenelo anasenda mtedza pang'onopang'ono, kuopa kufafaniza.