Mizere Itatu Pakhosi pa Towela

Emelda ankatsekera nkhuku madzulo pamene anaona mizere itatu yofiira pakhosi pa mwana wake Towela, yowongoka ngati wina wailemba ndi singano.

"Wakukanda ndani, iwe?"

"Palibe, amama."

Mwanayo ananama. Kuseri kwa nkhokwe ya ba Rosina, mayi wamasiye woyandikana nawo, kunali tiana ta mphaka, ndipo Towela ankatibereka kumbuyo ngati makanda. Ba Rosina ankaweta amphaka asanu ndi awiri kuti makoswe asamalize chimanga. M'mudzi monsemo, kufupi ndi Chinyunyu, ndi iwo okha amene ankaitana amphaka ndi mayina a anthu.

Patapita sabata ziwiri, m'khwapa mwa Towela munatuluka mwanabere wonga dzira la nkhanga. Thupi moto, chakudya kukana. Anatsatira ana awiri osewera naye. Kenako ba Fyson, nkhalamba yodwala shuga, analumidwa ndi mphaka pachidendene. Lachiwiri ankaseka za nkhaniyo, Lamlungu anthu ankakumba manda.

Mudzi unasiya kukhazikika. Pamakomo pankanunkha mkodzo wa mphaka ngakhale atakolopa. Masana dzuwa lili pamutu, m'minda munkamveka kulira kwa khanda, koma ukapitako unkapeza mapesi okhaokha akugwedezeka. Pamjigo amayi ankanong'onezana.

"Ati mphaka wakuda uja ndi mwamuna wa ba Rosina anamwalira uja."

"Shii! Ali pamwala apo, akumva."

Cleopas, mwamuna wa Emelda, anapita kwa mneneri wina wa kumsewu waukulu. Mneneriyo anati chimene chinaika matenda ndicho chidzawachotse. Mphaka wakudayo agwidwe ndi manja, osati ndi thumba, atsekeredwe ndi mwana mpaka dzuwa litalowa, kuti atenge zake.

M'mawa mwake Cleopas anamugwiradi. Mphaka anamiza mano pansi pa chala chachikulu mpaka kufupa. Iye anangopukuta magazi pathalauzi, naponya nyamayo m'nyumba momwe Towela anagona, nakhoma loko.

Emelda anakhala pakhonde, kenako anaima, kenako anazungulira nyumba. M'katimo munkamveka zikhadabo pachitseko, mbale zikugwa, ndi kamawu kakuti amama, amama. Dzuwa litapendeka, dzanja la Cleopas linali litatupa ngati dzungu, mzere wofiira ukukwawa kulowera kuchigongono. Ndiye m'nyumba munati zii.

"Atate ake Towela, tsegulani."

"Dzuwa likadalipo."

"Mwana wasiya kulira!"

"Ndiye kuti zikutuluka. Khala pansi."

Emelda anatenga munsi naswa chitseko. Towela anali pansi akuphupha, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Mphaka anadutsa pakati pa miyendo yake osamveka ngakhale phazi limodzi. Mayiyo anabereka mwana, nathamanga wopanda nsapato mpaka kumsewu, naimitsa minibasi ya ku Mpanshya.

Kuchipatala nesi anamvetsera zonse akuika dilipi.

"Ndi mabakiteriya, mayi. Amakhala m'zikhadabo ndi m'malovu a mphaka, makamaka tiana ta mphaka tokhala ndi utitiri. Akalowa pakhungu potseguka, ndi izi. Manje munamutsekeranso naye?"



Cleopas anafika kuchipatalako mawa lake atanyamulidwa panjinga, ndipo anasiyako zala ziwiri. Towela anatsegula maso tsiku lachinayi. Tsiku lachisanu ndi chinayi anawatulutsa.

Atafika kumudzi anapeza nyumba ya ba Rosina ilibe denga, ikununkha udzu wopsa. Mwiniwake anathawira kwa abale ku Shikabeta ndi kathumba kamodzi pamutu. Anthu anamulandira Emelda ndi nthungululu.

"Mwaona, amake Towela? Mfiti kungochoka, mwana wadzuka!"

"Anesi akuti ndi tizilombo ta..."

"Anesi adziwa chiyani za kuno?"

Palibe amene anafunsa kuti amphaka asanu ndi awiri aja, ndi ana awo onse, adzadya kuti. Madzulo amenewo Emelda anawamva. Wina kwa oyandikana nawo, ba Edness, wina kuseri kwa tchalitchi, wina padenga la sukulu. Ankayankhizana kuchokera khomo ndi khomo ngati akugawana mudzi.

Analowa m'nyumba kuti atseke mawindo. Towela anali pamphasa, woonda ngati bango, atadzifunda chitenje mpaka m'khosi. Pansi pa chitenjecho china chake chinkagwedezeka.

Emelda anavundukula pang'onopang'ono. Kamphaka kotuwa kankanyambita pabala la dilipi, pomwe panali pasanapole.

"Musawauze atate," anatero Towela akumwetulira. "Kalibe kwawo."