Mpeni Wautali pa Makina Aang'ono

Anzanga, sitikusamuka! Ndati sitikusamuka! Makatoni aja amayi anamanga Lachitatu tamasula, mbale zabwerera pathandala, ndipo Fomu 4 ndithera konkuno ku Mitundu, padesiki yanga yomwe ija. Mwendo wa achimwene sanaudule. Akutsimphina, inde, ndipo adokotala ati kutsimphinako n'kwa moyo wonse, koma mwendo ulipo, zala zonse zisanu, ndaziona ndi maso angawa. Aphunzitsi oyang'anira mapemphero andiuza kuti ndilembe nkhani yonse kuti ena atolepo phunziro, ndiye nayi. Muno ndiziwatchula dzina lawo, Patson, ngati mmene amalembera m'mabuku, ngakhale kunyumba sindingayerekeze n'komwe.

Patson anakulira pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mitundu, m'nyumba yamalata ya zipinda ziwiri. Bambo ake, a Jeremiya, anachoka ku Phalombe zaka makumi awiri zapitazo, ndipo kumeneko analibenso munda kapena khomo. Nyumbayo inali ya ntchito. Ntchito ikatha, nyumba yathanso. Aliyense pa esiteti ankadziwa zimenezi, pakuti chaka sichinkatha lole isananyamule banja lina n'kukalitsitsa kumsewu ndi mphasa zake.

Banja la a Jeremiya linali labwino. Ankapemphera asanadye, ndipo mawu okweza sankamveka pakhomopo. A Jeremiya ankadula nkhuni za bulugamu zoumitsira fodya m'mabalani. Makina odulira mitengo, aja oyendera petulo, anali m'manja mwawo, pamodzi ndi kiyi wa chipinda chosungira zida. Patson atamaliza Fomu 4 anayamba kupita nawo kunkhalango ya esiteti, ndipo dzina lake linali kale pamndandanda wa anthu odzalembedwa ntchito mu Januwale.

"Uziyamba wayang'ana mtengo, makina pambuyo," ankatero bambo ake. "Bulugamu wathuyu kunenepa kwake n'kwa ntchafu ya munthu. Mpeni uzingoposa mtengo ndi zala ziwiri kapena zitatu, basi. Uwu ndi wa mainchesi 16, ndipo injini iyi ndi ya msinkhu wake."

Mpeni umene ankanenawo ndi chitsulo chathyathyathya chija chimene tcheni imazungulirapo. M'chipinda cha zida munapachikidwa wina, wa mainchesi 24, ndi tcheni yake yomwe.

"Nanga uwo, ababa?"

"Uwo ndi wa makina aakulu aja anafa chaka chatha. Ukauika pa athuwa, injini ilira ngati mwana womusenzetsa thumba la chimanga. Oyilo safika kunsonga. Komanso nsonga ikatalikira maso ako imakhudza zinthu zimene sunazione, ndiye makina amakubwerera. Ndinaonapo munthu atang'ambika phewa. Nkhuni sizifuna mpeni wautali, mwanawe, zimafuna wakuthwa."

"Ndamva, ababa," anatero Patson. Koma maso ake anatsala pakhoma paja.

Loweruka lina ku msika wa Mitundu anakumana ndi Isake, mnyamata wa njinga yamoto amene ankapezera nkhuni anthu owotcha njerwa ku Nathenje. Isake sankavula magalasi akuda ngakhale kuchite mitambo.

"Si iwe mwana wa a Jeremiya, odula tinkhuni tophikira phala aja?" anafunsa mokweza. "Makina anu ndinawaona. Kampeni kake ngati kosendera mbatata!"

Atsikana ogulitsa tomato anaseka mpaka wina kugwira m'mimba. Patson anachita manyazi.

"Wautali tili nawo," anatero. "Wa mainchesi 24."

"Ndiye ukudikira chiyani, amwene? Uvuni wa njerwa sufuna tizitsotso, umafuna zipika. Ku Nathenje kuli mtengo wa mango wa amalume anga, atopa nawo. Lamulungu limodzi lokha. Madala akamatuluka m'tchalitchi, makina ali pamalo pake, iwe uli ndi foni yatsopano. Kapena umaopa chitsulo?"

"Ine sindiopa kanthu."

"Eya, ayankhula amuna tsopano."

Mayi ake sanachedwe kuona. Lachitatu akusankha nyemba pakhonde anamuitana.

"Njinga ija ndaiona kawiri pachipata. Mwini wake amalonjera akulu ali chikhalire pachishalo. Akufuna chiyani kwa iwe?"

"Ndi mnzanga chabe, amayi."

"Mnzako wa liti? Patson, nyumba ino si yathu. Ukalakwa iwe, lole siinyamula iwe wekha. Inyamula tonse, ndi mlongo wako yemwe, amene walembetsa kale mayeso pasukulu pano."

"Amayi, inu chilichonse mumangoona lole."

"Ndaiona kambiri kuposa iwe."

Lamulungu m'mawa Patson anati m'mimba mukupota. Onse a m'nyumba atanyamuka kupita kutchalitchi, anapisa m'thumba la ovolosi ya bambo ake n'kutenga kiyi. Anakulunga makina ndi mpeni wautali uja m'chiguduli. Isake anali akudikira kuseri kwa mabalani, ndipo anadutsa msewu wafumbi mpaka ku Nathenje.

Kumeneko mpeni unakana kulowa. Mpata wake sunkagwirizana ndi mabawuti a makina aang'onowo. Chitsulo chenichenicho chinali kumuuza kuti abwerere kwawo, koma Isake anamutengera kwa bambo wina wowotcherera kuseri kwa magolosale.

"Kupala ndipala," anatero bamboyo atatembenuza makinawo, "koma injini iyi ndi yaing'ono. Mukufuna bulu mmodzi akoke ngolo ya ng'ombe zinayi?"

"Palani, madala," anatero Isake. "Sitinabwere kusukulu."

Bamboyo anagwedeza mutu n'kutenga tupa.

Mtengo wa mango unali kuseri kwa nyumba ina yotseka ndi loko. Unali waukulu woti munthu mmodzi sangaukumbatire, ndipo unali utadzaza timango tating'ono.

"Amalume anu ali kuti, achimwene?" anafunsa Patson.

"Ali kumaliro. Liza makina."

Analiza. Nthawi yomweyo anamva kuti zinthu sizili bwino. Makinawo ankalemera kutsogolo, ngati khasu lokhomedwa mumpini wolakwika, ndipo mikono inatopa asanafike n'komwe pakati pa thunthu. Injini inasiya kulira kwake kwa masiku onse n'kuyamba kubuula. Utuchi unkatuluka wakuda. Mpeni unasanduka wobiriwira ngati chitsulo chapamoto, ndipo fungo la kupserera linadzaza pabwalo.

Apa Patson akanatha kuzimitsa. Anaganiza zozimitsa. Koma anyamata ena anali atasonkhana kumpanda, akuimba malikhweru.

"Katswiri! Ka esiteti kameneka!"

Anakanikiza ndi thupi lonse. Kuseri kwa thunthu kunali chikhomo chachitsulo chomangirapo mbuzi, chobisika m'udzu. Mpeni waufupi sukanachifika. Nsonga ya wautaliwo inachikhudza, makina anadumpha chobwerera, ndipo Patson anangozindikira ali chagada pansi, buluku lake litang'ambika pantchafu, magazi ali chuchuchu.

Anyamata aja anamwazikana. Chimene anamva pambuyo pake ndi kulira kwa njinga ya Isake, kukucheperachepera cha ku msewu wa M1.

Mwini nyumbayo anatulukira atavala bulauzi yoyera, akuchokera kutchalitchi. Anali mayi Martina, mayi wamasiye amene Disembala aliyense ankagulitsa mango a mtengo umenewo kwa anthu a m'maminibasi. Isake sanali mbale wawo, ndipo dzina lakelo anali asanalimvepo. Anayang'ana mtengo wawo, wodulidwa kupitirira theka. Anayang'ana mnyamatayo. Kenako anamasula chitenje chawo n'kumumanga ntchafu mwamphamvu.

"Amayi, pepani, anandiuza kuti…"

"Za mtengo tikamba ukakhala ndi moyo. Gwira apa. Ndati gwira, usalire ngati mbuzi."

Anaimitsa minibasi okha, ataima pakati pa msewu, ndipo anamuperekeza mpaka kuchipatala m'tauni.

Lolemba, makina aja atabwezedwa injini itapsa, mayi Masozi, manijala wa esiteti, anaitanitsa a Jeremiya ku ofesi.

"Kiyi amasunga ndani?"

"Ndine, madamu."

"Munam'patsa mwana wanu?"

A Jeremiya anayang'ana pansi. Ankadziwa kuti akanena kuti mwanayo anaba, akatuluka m'chipatala n'kulowa m'chitokosi.

"Kiyi ndimasunga ndine, madamu," anabwereza.

"Zaka makumi awiri, a Jeremiya, ndiye mukubwereketsa makina a kampani kwa owotcha njerwa? Loweruka la sabata yamawa lole ibwera. Mukonzeke."

Kuchipatala Patson anamusoka ulusi wambirimbiri. Tsiku lachitatu foni yake inalira. Anali Isake.

"Wadzuka, amwene? Tamvera. Akakufunsa uzingoti madala anakutuma. Iwo ndi achikulire, palibe angawamange. Dzina langa lisatuluke, wamva?"

"Munandisiya ndili pansi."

"Ndinapita kukafuna galimoto."

"Mpaka lero?"

Foni inaduka.

Lachiwiri la sabata yotsatira mayi ake anabwera ndi phala m'fulasiki. Sanamukalipire. Anamufunsa za bala, anamupukuta kumaso, kenako potsanzika anati, "Mawa sindibwera msanga. Ndikumanga makatoni."

"Makatoni a chiyani?"

Anamuuza zonse: za lole, ndi za bambo ake amene anasenza mlandu osatsegula pakamwa. Atachoka, Patson anayamba kuganiza. Nkhani inali poyera. Akakhala chete, iye apulumuka, koma banja lonse likatsitsidwa kumsewu. Akayankhula, apolisi akumudikira. Anayesa kupemphera, koma mawu anamukanika, chifukwa ankadziwa kale yankho lake.

Anamutulutsa Lachinayi. Sanafikire kunyumba. Anatsika pachipata cha esiteti n'kuyenda ndi ndodo ziwiri mpaka ku ofesi, ulendo wa mphindi zisanu umene unamutengera theka la ola. Anapeza bambo ake ali momwemo, akubweza ovolosi ndi nsapato za ntchito.

"Madamu, kiyi ndinaba ndine," anatero asanapatsidwe n'komwe mpando. "Ndinapisa m'thumba ababa ali kutchalitchi. Mpeni wautali ndinautenga ndekha. Anandiletsa, ine osamva. Ngati n'kupolisi, ndipite ine."

"Khala chete, iwe!" anatero bambo ake.

"Ayi, ababa. Ndakhala chete masiku khumi."

Mayi Masozi anavula magalasi awo owerengera n'kuwayang'ana onse awiri.

"A Jeremiya, munandinamiza."

"Sindinanene bodza, madamu."

"Munandinamiza ndi chete wanuyo. Khalani pansi nonse. Iwenso khala, usandigwere muno."

Chigamulo chinali chotere. A Jeremiya atsala pantchito, ndipo nyumba sachokamo. Koma kiyi alandidwa, ndipo makina atsopano sabwera mpaka chaka chamawa, choncho nkhuni za mabalani onse azidula ndi nkhwangwa ndi sowo yamanja, munthu wa imvi kale. Dzina la Patson lafufutidwa pamndandanda wa mu Januwale, ndipo sadzagwiranso makina pa esiteti imeneyi. Kupolisi apita ndithu, kukanena za Isake, amene mpaka pano sakuoneka. Patson sanamutsekere chifukwa mayi Martina anakana. Anatumiza mawu akuti, "Mwana wa eni ali m'ndende sandipatsa mthunzi. Ndikufuna mitengo." Mtengo wawo uja anachita kuugwetsa, kuopa kuti ungagwere nyumba, ndipo chaka chino alibe choti akagulitse kumsewu. Ndiye Patson asamalira mbande za mango mpaka mvula itagwa, akazibzale ku Nathenje, ndipo azikazithirira zaka zitatu.

Potuluka, bambo ake sanamukumbatire. Anangomulandira ndodo imodzi n'kumupatsa phewa.

Tsono chenjezo ndi ili, ndipo ndilinena mosapita m'mbali. Patson sanayambe ndi kuba. Anayamba ndi kuchita manyazi ndi chida chimene chinali chomukwanira, chifukwa choti munthu wina anachiseka pamsika. Manyazi anabala bodza, bodza linabala kuba, ndipo kuba kunatsala pang'ono kutigoneka tonse kumsewu. Anachenjezedwa ndi bambo, ndi mayi, ndi wowotcherera, ndi chitsulo chomwe. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Wodula nkhuni ayese mtengo, asankhe mpeni woposa mtengowo pang'ono chabe, ndi injini yotha kuukoka. Ndipo amene akukuseka kuti chako n'chaching'ono, umuyang'anitsitse, chifukwa tsiku la magazi adzakhala woyamba kuliza njinga.

Koma anzanga, ine chimwemwe chandisowetsa pokhala! Dzulo ndinayamba kumasula makatoni ndisanavule n'komwe yunifolomu, ndipo ndinaswa kapu imodzi, amayi osakalipa n'komwe. Mawa mayi Martina akubwera kwathu kudzasankha okha mbande zawo, ati safuna kusankhiridwa ndi munthu amene sadziwa kukula kwa zinthu. Amayi agula chitenje chatsopano choti akawabwezere, ababa agwira kale tambala wofiira uja, ndipo achimwene alonjeza kuti aliyense wofuna kuona chipsera amupindira buluku, bola asakomoke. Jenipher, Chithokozo, Carol, nonse a kudesiki yakumbuyo, musandiuze zochapa. Bwerani mawa dzuwa lisanafike pamutu, mudzawaone mayi amene anaimitsa minibasi ndi manja awiri. Mubwere ndi ndowa zothirira, mbandezo ndi zambiri!