Pulogalamu ya Wamanzere

Anakumana pa makina osindikizira, tsiku lomwe makinawo anameza pepala. Iye anali mtsikana wa pa foni, uja amene tsiku lonse amangoti, "Pepani bwana, tazimitsani muyatsenso." Mnyamatayo anali wa m'chipinda cha olemba mapulogalamu. Onse ankamutchula kuti Injiniya, dzina lomwe anadzipatsa yekha.

"Manja okongola chonchi asamagwire inki," anatero Injiniya akusolola pepalalo.

Mawu otchipa, opezeka pa msika uliwonse. Koma mtsikanayo anawatola n'kupita nawo kunyumba.

Pasanathe mwezi mameseji anali mbwee. "Wadzuka bwanji, nyenyezi yanga?" "Popanda iwe ndine foni yopanda netiweki." Ndani akanamuuza kanthu?

Kupatula Injiniya, chimene mtima wake unkalakalaka chinali kuchoka pa foni paja. Bwana wamkazi wa olemba mapulogalamu anali atalengeza malo amodzi a ntchito, ndipo wowafuna ankayenera kubweretsa pulogalamu yopanga yekha. Mtsikanayo ankaluka majuzi kuyambira ali mwana, choncho anasankha kupanga ya oluka: ukaiuza msinkhu wa munthu, iyo ikuwerengere ulusi n'kukujambulira mizere yonse. Kwa miyezi itatu, pa nkhomaliro ndi Loweruka lililonse, ankaphunzira, kulakwitsa, kufufuta, kuyambiranso.

"Zoluka?" Injiniya anaseka mpaka kugwira tebulo. "Shuga wanga, kuja n'kwa akuluakulu, si kalabu ya azimayi. Komabe ndiikire pa fulashi ndikakuonere. Ndikulonjeza, iwe ukangolowa, ine ndikubwera ndi mphete."

Anamuikira yonse.

Tsiku la intaviyu, atangotsegula laputopu, bwana uja anavula magalasi.

"Chemwali, iyi taiona kale dzulo. Mitundu yokha ndiyo yasiyana."

Mtsikanayo anayang'ana laputopu yake. Dzulo? Kwa ndani?

Bwanayo anaitanitsa munthu wadzuloyo. Anali mtsikana wa polandirira alendo, wa zikhadabo zazitali zofiira, zoti ngakhale batani la juzi sizingamange. Analowa akudzithyola ngati kampaniyo ndi ya bambo ake.

"Ndi yanga," anatero. "Ndinavutika nayo."

Bwanayo anapisa m'chikwama n'kutulutsa kansalu koluka.

"Inenso ndimaluka. Dzulo nditaweruka ndinatsatira mizere ya pulogalamuyi, koma onani, maluwa onse apendekera kolakwika. Mwini wake andiuze chifukwa."

Wa zikhadabo anayang'ana kudenga. "Mwina ndi netiweki."

"Si netiweki," anatero mtsikana wa pa foni. "Ine ndine wamanzere. Ndimaluka kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiye pulogalamu nayo imawerenga choncho. Za anthu a dzanja lamanja sindinaganizeko. Cholakwika ndi mzere umodzi wokha m'pulogalamumo, ndingaukonze pompano."

Anaukonza onse akuona.

"Ine musandiyang'ane choncho," analalata wa zikhadabo, manyazi atamuthawitsa nzeru. "Anandipatsa ndi mwamuna wanga, Injiniya. Anati anandipangira yekha, mphatso yotsagana ndi iyi."

Anatukula chala. Panali mphete.

Ntchito ija mtsikana wa pa foni anaipeza, koma anatuluka m'chipindamo ngati wochotsedwa. Injiniya anali pakhonde, atatsamira khoma, tayi ili bwinobwino, nkhope yopanda ndi manyazi omwe.

"Nyenyezi yanga, tamvera kaye. Za mphete ija ndikufotokozera bwino."

"Nanga pulogalamu?"

"Iwe, tinene zoona. Ine ndinkadziwa kuti munthu wa pa foni sangamutenge. Ndiye ndinati chinthu chabwino chonchi chingotayika?"

Apa ndi pamene chikondi chinathera. Mphete inamupweteka, kuba kunamupwetekanso, koma ichi chinaposa zonse. Miyezi yonseyi munthu ankamutumizira mawu okoma m'mawa uliwonse, kumbali akumuona ngati chitsiru chongoyankha mafoni!

Anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tsitsi lonyezimira mafuta. Kodi uyu ndi amene ankamusowetsa tulo? Kamunthu aka?

"Unaiwerenga n'komwe?"

"Mwa apo ndi apo."

"Injiniya wathunthu, kuba chinthu osaona kuti chikuyenda chobwerera."

"Shuga wanga..."

"Lolemba ndikhala tebulo loyandikana ndi lako. Usadzandipatse moni."

Anayenda osacheuka mpaka m'chikepe. Misozi anaigwira kufikira zitseko zitatsekeka, chifukwa munthu ngati ameneyo sankayenera kuona ngakhale dontho limodzi.