Kanyama Kogona Chadodolido

Anakumana pamalo okwerera basi, mvula ikuwaza. Mtsikana wina, yemwe ntchito yake inali yolemba zikwangwani za masitolo, anali atatsegula kope pabondo n'kumajambula. Mnyamata wina wa malaya oyera anasuzumira mopanda manyazi.

"Pepani achemwali, imeneyo ndi nthiwatiwa kapena ng'ona?"

"Zonsezo ayi," anayankha osadzutsa mutu. "Ndi dayinoso wa masiku ano. Chimwala chochokera kumwamba chija chikanaphonya dziko, zinyama zikuluzikulu zamakedzana zija osatha, bwenzi zidzukulu zake zikuoneka chonchi."

Mnyamatayo anali mphunzitsi wa sayansi, ndipo pakamwa pake panali pothira shuga. Anakhala pambali pake n'kuyamba kutsegula kopelo. Munali chinyama cha nthenga, cha khosi lalitali, chikudya nsonga za mitengo. Munalinso zina za miyendo iwiri, zikusaka m'gulu m'malo mwa mikango.

"Nanga anthu ali kuti?"

"Kulibe. Bwenzi tikadali timbewa, tikubisala kuuna."

"Ndiye chimwalacho ndichithokoze," anatero akumwetulira. "Chinagwa kuti ine ndidzakuoneni inu lero."

Ha! Mawu otere angapirire ndani? Basi inabwera, inapita, awiriwo ali pompo.

Pasanathe mwezi, "inu" anasanduka "iwe". M'mawa uliwonse foni inkalira mtsikanayo ali pamakwerero ndi burashi m'manja.

"Kanthenga kanga, wadzuka bwanji? Madayinoso anatha, koma changa chikondi ngakhale chimwala chigwe kawiri sichidzatha."

Iye ankaseka yekha, mpaka tsiku lina analakwitsa chilembo pachikwangwani cha ometa tsitsi. Anali atagwa m'chikondi, osati pang'ono.

Tsiku lina mphunzitsi uja anabwera ndi nkhani yabwino. Kunyumba yosungiramo zinthu zakale kunali kukonzedwa chionetsero cha zamoyo, ndipo ankafuna zithunzi.

"Ndipatse zonse, wokondedwa. Zolankhula ndi mabwana undisiyire ine. Dzina lako lidzalembedwa pansi pa chithunzi chilichonse, ndikulonjeza!"

Anamupatsa zonse makumi atatu, thukuta la zaka ziwiri, zomwe ankajambula nthawi yopuma anzake akudya. Akanakayika bwanji munthu amene ankamutchula Kanthenga?

Tsiku lotsegulira chionetsero kunabwera uthenga: "Usavutike kubwera m'mawa, dali. Kudzaza akuluakulu okhaokha, ungatope. Ubwere masana."

Koma mtima sunamulole. Anavala diresi lake latsopano, anachotsa utoto m'zikhadabo, ulendo.

Atalowa m'holomo, anaona zinyama zake zili ndandanda pakhoma, zowala bwino. Anayandikira choyamba kuti aone kakhadi kapansi pake. Mayo! Panali dzina la mphunzitsi. Chachiwiri chimodzimodzi. Anayenda khoma lonse, dzina lake osalipeza paliponse.

Mphunzitsiyo anali pakati pa alendo, pambali pa mayi wa magalasi yemwe anali mkulu wa nyumbayo. Atamuona mtsikanayo, nkhope yake inagwa, koma pakamwa sipanachedwe.

"Mayi, awa ndi achemwali amene amandithandizako kupaka utoto."

Achemwali? Kuthandizako? Mawuwo anamulasa kuposa makhadi aja. Mnyamatayo anamukokera pambali n'kumunong'oneza.

"Usayambitse phokoso, Kanthenga. Wolemba zikwangwani angamumvere ndani kuno? Ine ndili ndi digiri. Tikakwatirana, dzina langa si lako lomwe?"

Asanayankhe, mayi wa magalasi uja anaitana ataima pa chithunzi cha pakona.

"Aphunzitsi, tandithandizani. Kanyama aka kaima bwinobwino panthambi, koma bwanji zipatso za mtengowu zikulendewera chokwera kumwamba?"

Mphunzitsi anatsokomola. Anayang'ana chithunzicho ngati akuchiona koyamba.

"Ndi luso chabe, mayi. Kusonyeza kuti dziko limenelo zinthu zikanakhala zosiyana."

Bodza lake! Mtsikanayo magazi anawira. Anadutsa pakati pa alendo, anachotsa chithunzicho pamsomali, n'kuchitembenuza mutu pansi.

"Mwachipachika mozondoka," anatero mokweza. "Kanyamaka sikaima. Kamagona chadodolido, kali lende. Madayinoso akanapanda kutha, mileme sikanapeza malo, ndiye aka n'kamene kakanalowa m'malo mwake. Taonani zala zake, zimadzitsekera zokha panthambi kuti kasagwe kakagona."

Zipatso zija tsopano zinali kulendewera pansi monga zipatso zonse.

"Mwadziwa bwanji zimenezi, mwanawe?" anafunsa mayi uja.

"Ndinajambula ndine, mayi. Zonse makumi atatu. Ngati mukukayika, tipatseni pepala ndi pensulo tonse awiri."

"Kanthenga, chonde, usandichititse manyazi," mnyamatayo anadandaula chapansipansi. "Ukudziwa kuti ndimakukonda."

Mapepala ndi mapensulo zitabwera, mtsikanayo anamuyang'ana m'maso. Ankamukondadi munthu ameneyu, ndipo n'zimene zinkawawa kwambiri. Misozi inalengeza, koma mawu anatuluka olimba.

"Aphunzitsi, pensulo iyo. Jambulani inu ngakhale phazi lokha."

Mnyamatayo anaigwira pensuloyo, anaitembenuza, thukuta lili kamukamu. Pamene mtsikanayo ankamaliza phiko lachiwiri, pepala la mphunzitsi linali likadali loyera. Analisiya patebulo n'kutuluka chamutu pansi, osatsanzika munthu.

Mtsikanayo sanamutsatire. Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyamba kumatula makhadi aja limodzilimodzi.

"Pepani kwambiri," anatero mayi wa magalasi. "Tiuzeni dzina lanu, titumize kuti akasindikize makhadi ena."

"Musavutike, mayi," anayankha. "Ine ndine wolemba zikwangwani. Ndipatseni burashi, ndilemba ndekha."