Kabichi wa a Gwanda

Dzuwa linali litapendeka pamene Rozina anakoka paipi n'kuyamba kuthirira tomato wake m'dimba la kumunsi kwa Chinsapo. Unali mwezi wa Okutobala, mtsinje utaphwa mpaka miyala kuonekera. Kalabu yawo inali ndi pampu imodzi, ndipo aliyense ankapatsidwa maola awiri basi. Anathirira mpaka nthaka inakhuta. Koma m'mawa anapeza mabedi ali gwaa, atang'ambika ngati sanalaweko madzi chaka chonse.

Zinachitikanso kawiri, katatu. Chomuwawa kwambiri chinali chakuti kuseri kwa mpanda, kabichi wa a Gwanda, wapampando wa kalabuyo, ankangonenepa. Mkuluyu paipi sankaigwira n'komwe. Maola ake ankagawira ena akumwetulira, koma nthaka yake inali chinyontho chokhachokha, ikutulutsa kafungo ngati ka malaya a munthu wochokera kolima.

"Inu a Gwanda, madzi mukuwatenga kuti?" anafunsa Rozina.

"Ndi manyowa, Amayi. Phunzirani ulimi."

Kenako ludzu linagwira Nedson, mwamuna wa Rozina, amene ankabwera kudzapalira akaweruka ku ukalipentala. Ankamwa chigubu chathunthu koma milomo inkangong'ambika. Thukuta linasiya kutuluka. Kuchipatala anamuyeza shuga, anamuika madiripi asanu, osapeza kanthu. Sabata yachitatu anamwalira, khungu litauma ngati chikopa cha ng'oma. Osambitsa maliro ananong'onezana kuti thupi linali lopepuka ngati mtolo wa mapesi.

Patangotha masiku khumi, Suwilanji, mayi wa ku Rumphi amene dimba lake linagundana ndi la a Gwanda mbali inayo, anafika kwa Rozina atagwira pakhosi.

"Asisi, kukhosi kwanga kwauma. Ndipo ine ndamwa makapu khumi chidzukireni."

"Malovu akutuluka?"

"Ayi."

Rozina ananyamula khasu dzuwa lili paliwombo, n'kuthyola mpanda wa a Gwanda. Anthu a m'madimba anasiya ntchito n'kumutsatira. Anatema kabichi wamkulu pakati, ndipo madzi anamuthovukira kumaso, ofunda, amchere. Pansi pa bedi pankamveka ngati munthu akumeza: gudyu, gudyu. Anakumba pomwepo mano ali chilumire, mpaka khasu linagunda mtsuko wokwiriridwa. M'kati munali chipewa cha Nedson chili chonyowa, ndi duku la Suwilanji lomwe linasowa pachingwe, litayamba kunyowa kunsonga.

A Gwanda anatulukira ali wefuwefu.

"Musaswe! Chonde, tikambirane!"

"Tikambirane chiyani? Mwamuna wanga wafera kabichi? Unamufinya ngati chinkhupule kuti iwe uzikaonetsa mitu ikuluikulu kumsika? Mfiti yopanda manyazi iwe!"

Anauswa mtsukowo. Madzi anakhuthuka ochuluka kuposa amene mtsuko ungasunge, n'kusefukira m'ngalande zonse. Suwilanji anatsokomola, kenako analavula malovu. A Gwanda anagwa chogwada, milomo yawo ikung'ambika anthu akuona, n'kuyamba kunyambita matope. Palibe anawatungira ngakhale kapu imodzi. Anakwawira m'mabango miyala ikuwatsata, ndipo ku Chinsapo sanaonekenso.

Amuna anayamba kuzula kabichi yense kuti amutenthe. Apa Suwilanji anamugwira Rozina padzanja.

"Asisi, pamaliro paja, ndiwo zija anabweretsa ndani?"

Rozina anakumbukira wilibala yodzaza ndi kabichi, a Gwanda akuikankha nkhope ili yachisoni. Anakumbukiranso mbale imene azimayi a kumpingo anamukakamiza kuti adye, apezeko mphamvu. Anaimaliza yonse.

Khasu linamupulumuka. Anagwira pamimba ndi manja onse awiri, n'kukuwa mpaka a kutsidya kwa mtsinje anasiya kuthirira.